Musanalipire fizi ya udokotala wa utsogoleri wa maphunziro

Akonzi,

Tiloleni tilankhule, kudzera patsamba lanu, ndi aphunzitsi akuluakulu, achiwiri awo, ma PEA (alangizi a sukulu za pulayimale m'mazoni), alekichala a m'makoleji a uphunzitsi ndi onse amene akulingalira zokachita digiri ya udokotala pa za utsogoleri wa maphunziro. Masiku ano zotsatsa za maphunzirowa zadzaza pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo zina zikulonjeza kuti pakangotha chaka chimodzi munthu aziyamba kutchedwa Dokotala. Digiriyi ndi yabwino, ndipo dziko lathu likusowadi anthu amene anaphunzira mozama za kayendetsedwe ka sukulu. Koma imadya zaka, ndalama ndi tulo, ndipo si ochepa amene amaisiyira panjira. Chimene chimawagwetsa nthawi zambiri si kuchepa nzeru ayi, koma zinthu zimene sanafunse asanalipire fizi yoyamba. Pajatu safunsa anadya phula.

Yambani ndi kudzifunsa ngati mpando umene mukuufuna ukufunadi digiriyi. Kuti munthu akhale hedimasitala papulayimale kapena pa CDSS safunika udokotala. Chimene chimamukweza ndi giredi, zaka zimene wagwira ntchito, ndi intavyu. M'boma pepala latsopano silikweza giredi palokha. Pamayenera kupezeka mpata, ulengezedwe, munthu akapikisane ndi anzake. Kwa amene mtima wake uli pakuyendetsa sukulu imodzi bwino, masitazi imakwanira, monga ija ya Policy, Planning and Leadership ya ku University of Malawi ku Zomba, kapena ya utsogoleri ndi kayendetsedwe ka maphunziro ya ku Mzuzu University. Udokotala umayamba kulemera pamene munthu akuyang'ana ku Domasi College of Education, ku Nalikule, ku yunivesite, ku Malawi Institute of Education kapena kunthambi ya mapulani kuunduna, komwe ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi kuwerenga kafukufuku, kuyesa ndondomeko ndi kulangiza ena. Sonkhanitsani zilengezo zisanu za ntchito imene mukuilota, muwerenge mzere wa ziyeneretso. Ngati palibe chimene chatchula udokotala, dziwani kuti mukuuchita chifukwa cha ludzu lanu la maphunziro, zomwe si zolakwika, koma musawerengere kuti udzabweza ndalama zanu msanga.

Pali njira ziwiri za udokotala, PhD ndi EdD (Doctor of Education). PhD imaphunzitsa munthu kukhala wofufuza. Ku Britain, ku South Africa ndi kuno kwathu nthawi zambiri imakhala ya kafukufuku yekha: wophunzira ndi supavaiza wake, zaka zitatu kapena zinayi ngati wasiya ntchito, zisanu kapena zisanu ndi chimodzi ngati akuphunzira akugwira ntchito, ndipo pamapeto pamatuluka thesis, buku lofotokoza kafukufukuyo, ya mawu pafupifupi 80,000. EdD inayambira ku Harvard cha m'ma 1920, ndipo ku Britain inafika mu 1992 kudzera ku University of Bristol. Inapangidwira munthu amene ali kale paudindo. Zaka ziwiri zoyamba amaphunzira makosi, monga malamulo a maphunziro, kasamalidwe ka ndalama, ndondomeko ndi njira za kafukufuku, kenako amalemba thesis yaifupipo, kawirikawiri ya mawu 40,000 mpaka 60,000, yothana ndi vuto lenileni la pamalo ake a ntchito. Wa PhD ndi wa EdD, onse awiri ndi madokotala. Koma ngati cholinga chanu ndi kuphunzitsa ndi kufufuza payunivesite, PhD ndi imene olemba ntchito kuno amaizindikira mosavuta. Ngati mudzakhalabe m'maofesi oyendetsa sukulu, EdD ingakupindulireni kwambiri, makamaka kwa amene anamaliza masitazi kalekale ndipo njira za kafukufuku anaziiwala, chifukwa makosi aja amamutsitsimula asanalowe m'tchire yekha.

Za kuvomerezeka kwa sukulu musamvere wotsatsa. Bungwe la National Council for Higher Education (NCHE), lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011, limasiyanitsa zinthu ziwiri: kulembetsa sukulu ndi kuvomereza pulogalamu. Yunivesite ikhoza kukhala yolembetsedwa, madigiri ake oyamba n'kukhala ovomerezeka, koma udokotala wake usanaunikidwe. Funsani za pulogalamu yeniyeniyo, potchula dzina lake, ndipo yankho likhale lolembedwa. Ngati sukulu ili kunja, onani kaundula wa dziko lakelo: Council on Higher Education ndi SAQA ku South Africa, Higher Education Authority ku Zambia, Office for Students ku England. Kenako lemberani NCHE kuti mudziwe ngati pepalalo lidzalandiridwe mukadzabwera nalo. Sukulu imene ikukulandirani popanda kuona satifiketi ya masitazi, imene sikutchula maina a asupavaiza, imene ilibe malo pa intaneti osungira ma thesis a ophunzira ake akale, imene ikuti zaka zanu za ntchito zilowa m'malo mwa kafukufuku, ithaweni. Tinenenso kuti udokotala waulemu, uja amavekedwa anthu pamwambo wa omaliza maphunziro, ndi mphatso yothokoza, si chiyeneretso cha ntchito.

Mukapeza sukulu yoona, nkhani yaikulu ndi supavaiza. Dzina la yunivesite silidzawerenga mutu wachitatu wa thesis yanu; adzawerenga ndi munthu mmodzi kapena awiri. Werengani nkhani ziwiri kapena zitatu zimene munthuyo anasindikiza m'zaka zisanu zapitazi, muone ngati zikukhudza utsogoleri wa sukulu kapena ayi. Mufunseni mwaulemu kuti ali ndi ophunzira angati pakali pano, wamalizitsa angati, ndipo amatenga masabata angati kubweza chimene mwamutumizira. Masabata atatu kapena anayi n'zomveka. Akamatenga miyezi itatu pamutu uliwonse, thesis ya mitu isanu ndi umodzi, uliwonse wowerengedwa kawiri, yadya kale zaka zitatu pakudikira pokha. Lankhulaninso ndi wophunzira wake mmodzi wakale, iye kulibe. Ndipo mukayamba, msonkhano uliwonse uzitha ndi imelo yaifupi yochokera kwa inu yonena zimene mwagwirizana ndi tsiku lodzakumananso, chifukwa asupavaiza amasamuka, amapita kutchuthi, ena amapuma pantchito, ndipo wolowa m'malo adzafuna kuona pamene munalekezera.

Tsono tifike pamene ambiri amasokonezera, posankha mutu wa kafukufuku. Mapulopozo ochuluka, zikalata zofotokoza kafukufuku amene munthu akufuna kuchita, amabwera ndi mitu yonga yakuti "zotsatira za utsogoleri pakakhozedwe ka ophunzira m'Malawi". Umenewo si mutu wa munthu mmodzi. Ndi waukulu kwambiri moti sungayankhidwe, ndipo yankho lake aliyense akulidziwa kale. Kenneth Leithwood ndi anzake analemba mu 2004 kuti mwa zinthu za pasukulu zimene zimakhudza kuphunzira kwa mwana, utsogoleri ndi wachiwiri, woyamba ndi kaphunzitsidwe ka m'kalasi. Viviane Robinson wa ku New Zealand ndi anzake anaonetsa mu 2008 kuti mtsogoleri amene amalowerera pa kaphunzitsidwe amasintha zotsatira za ophunzira katatu kapena kanayi kuposa amene amangolimbikitsa ndi kupereka masomphenya. Kubwereza zimenezi ndi mafomu 200 sikungakupatseni udokotala. Chimene chikusowa ndi kudziwa mmene zimenezi zimachitikira, kapena zimalepherekera, pasukulu yathu.

Taganizirani m'mawa pa CDSS ya kumudzi. Patebulo la mu ofesi pali time book, aphunzitsi akusayina akamafika, ndipo nthawi ikakwana hedi amalemba mzere wa inki yofiira pansi pa dzina lomaliza. Amene asayine pansi pa mzerewo wachedwa. Koma hediyo ali ndi mapiriyodi ake a masamu, chifukwa mphunzitsi wa masamu ndi iye yekha. Pakhomo pali makolo awiri obwera kudzadandaula za mwana amene wabwezedwa, masikimu a aphunzitsi sanawasayine, ndipo kudivishoni amuitana kumsonkhano wa mawa. Kodi munthu ameneyu alowa liti m'kalasi ya mnzake kukaona kaphunzitsidwe? Apa ndiye pali kafukufuku. Kodi mahedi a ma CDSS m'boma limodzi amagawa bwanji maola awo pasabata, ndipo n'chiyani chimalola ena kuyendera makalasi pamene ena salowamo teremu yonse? Kodi komiti ya sukulu ndi hedi wa pulayimale amagwirizana bwanji pakagwiritsidwe ntchito ka School Improvement Grant, ndipo mawu omaliza amakhala a yani? Kodi mphunzitsi amene wangokwezedwa kukhala hedi amaiphunzira kuti ntchitoyi m'chaka chake choyamba? Mafunso otere ndi opapatiza, koma ndi ozama, ndipo mayankho ake unduna ungawagwiritse ntchito.

Mbiri ya maphunziro athu payokha ndi nkhokwe ya mafunso. Pamene maphunziro aulere a pulayimale anayamba mu 1994, ana m'sukulu anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo mahedi anapatsidwa aphunzitsi ambiri osaphunzitsidwa ntchito kuti awayang'anire. Mu 1998 malo ophunzirira a Malawi College of Distance Education (MCDE) anasandutsidwa ma CDSS. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa, n'kubala MUBAS ndi KUHeS. Kusintha kulikonse kumeneku kunasiya atsogoleri ndi ntchito imene sanaikonzekere, ndipo wofuna kutsogolera koleji angaphunzire zambiri pofufuza mmene anzake anapirira nazo.

Pa njira za kafukufuku pali misampha itatu imene imagwira anthu chaka ndi chaka. Woyamba ndi wa chiwerengero. Wophunzira amagawa mafomu kwa aphunzitsi 300 m'sukulu 10, n'kumakondwa kuti sampulo yake ndi 300. Koma ngati funso lake ndi la utsogoleri, ali ndi mahedi 10 okha. Aphunzitsi a pasukulu imodzi akufotokoza munthu mmodzimodzi, choncho mayankho awo amafanana, ndipo woyesa wodziwa masamu a kafukufuku adzaliona vutoli patsamba loyamba. Kuli bwino aphunzitsi 8 pasukulu iliyonse m'sukulu 40 kusiyana ndi aphunzitsi 30 pasukulu iliyonse m'sukulu 10. Izi zikonzeni ndi katswiri wa statistics musanasindikize fomu ngakhale imodzi, osati mutabwera kale ndi katoni ya mapepala.

Wachiwiri ndi wa mafomu obwereka. Mafomu otchuka oyezera utsogoleri, monga MLQ ndi PIMRS, analembedwa ku America m'Chingerezi, ndipo ali ndi eni ake amene muyenera kuwapempha chilolezo, nthawi zina n'kulipira. Ena mwa mafunso ake amaganiza kuti hedi ali ndi mphamvu zolemba ndi kuchotsa aphunzitsi, zomwe hedi wa sukulu ya boma kuno alibe. Ngati mudzafunsa makolo kapena amfumu, fomu imasuliridwe m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, munthu wina amene sanaone yoyambayo aibwezere m'Chingerezi, mufananize ziwirizo. Kenako iyeseni pa anthu 20 kapena 30 a m'sukulu zimene sizidzakhala m'kafukufuku weniweni.

Wachitatu ndi wofufuza pasukulu yanu yomwe. EdD imalimbikitsa zimenezi, koma kumbukirani kuti inu ndi amene mumasayina mafomu a tchuthi ndi kulemba malipoti a aphunzitsiwo. Mukamufunsa mphunzitsi wanu ngati utsogoleri wa pasukulu pano ukumusangalatsa, adzayankha kuti "zonse zili bwino, bwana". Amenewo si mayankho, ndi ulemu chabe. Njira zake zilipo: kusinthana sukulu ndi mnzanu wa boma lina, kugwiritsa ntchito wothandizira amene si wa pasukulupo, kapena kudalira zolembedwa monga maminitsi a misonkhano, log book ndi marekodi a kuyendera makalasi.

Amene asankha kucheza ndi anthu m'malo mwa mafomu awerengere nthawi bwino. Ola limodzi lojambula mawu limatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kulilemba, ndipo ngati munacheza m'Chichewa n'kumasulira m'Chingerezi, onjezani ena ngati omwewo. Anthu 25 ndi maola oposa 200 musanayambe n'komwe kusanthula. Mafailo a mawu ndi mitu ya thesis zisungeni m'malo atatu: pa laputopu, pa flash kapena hard drive imene imakhala kunyumba, ndi pa intaneti. Laputopu imabedwa m'minibasi, ndipo magetsi akabwera mwamphamvu atazima imapsa.

Musanafunse munthu aliyense funso, pulopozo yanu iyenera kudutsa kukomiti yoona za ufulu wa anthu ofunsidwa. Ku Zomba kuli UNIMAREC, ku Mzuzu kuli MZUNIREC, ndipo amene akuphunzira kunja koma akufufuza kuno amadzera ku National Commission for Science and Technology, kukomiti yake ya kafukufuku wa za chikhalidwe cha anthu. Chilolezo cha yunivesite ya kunja chokha sichikwanira. Pambuyo pake pamafunika kalata ya akuluakulu a maphunziro: kudivishoni ngati ndi sekondale, kuofesi ya maphunziro ya boma lanu ngati ndi pulayimale, kenako kwa hedi wa sukulu iliyonse. Ophunzira osakwana zaka 18 amafunika chilolezo cha makolo, iwonso avomere pawokha. Zonsezi zipatseni miyezi itatu kapena kuposerapo. Zimene mwasonkhanitsa chilolezo chisanatuluke komiti ikhoza kukuuzani kuti muzitaye. Yang'ananinso kalendala: teremu yachitatu mahedi ndi aphunzitsi ali kalikiliki ndi mayeso a MANEB, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale misewu yambiri ya kumudzi sipitika. Nthawi yabwino ndi pakati pa teremu yoyamba, sukulu zitakhazikika mvula isanalimbe. Mukaiphonya, mwina mwataya chaka.

Za ndalama, fizi ndi gawo chabe. Lembani bajeti ya zaka zonse, muikemo ndalama zolembetsa chaka chilichonse, za komiti ija, mafuta kapena thiransipoti yopita kusukulu zimene mukufufuza, bandulo ya intaneti, wolemba mawu ojambulidwa, wokonza Chingerezi, kusindikiza, ndi ulendo wopita kuyunivesite ngati ili kunja. Amene fizi yake ili m'madola, m'mapaundi kapena m'marandi akumbukire kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Malipiro a mphunzitsi sakwera tsiku limene kwacha yagwa, ndipo ngakhale ndalama zikhalepo, kupeza ndalama zakunja kubanki kumatenga nthawi. Funsani ngati sukuluyo imalola kupuma chaka osalipira, ndi zimene zimachitika mukadutsa zaka zimene anakupatsani. Thandizo lilipo koma ndi lopikisana: Commonwealth Scholarship ya ku Britain, Fulbright ya ku America, DAAD ya ku Germany, ndi Canon Collins Trust kwa ophunzira ku South Africa. Chevening ndi ya masitazi yokha, musatayirepo nthawi. Pafupifupi onsewa amafuna pulopozo yakupsa kale, ndipo ena amafunanso kalata ya supavaiza amene wavomera kukutengani, choncho yambani kukonzekera chaka chathunthu tsiku lotseka lisanafike. Wogwira ntchito m'boma apemphe tchuthi cha maphunziro mwa kalata, adikire yankho lolembedwa, ndipo awerenge bwino bondi imene akusayina, chifukwa imanena zaka zimene adzayenera kugwira akadzabwera.

Wophunzira akugwira ntchito amafunika maola 15 mpaka 20 pasabata, sabata iliyonse, kwa zaka zonsezo. Kwa hedi amene ali ndi sukulu, banja, tchalitchi kapena mzikiti, maliro ndi maukwati, maola amenewa sapezeka okha. Njira imene imathandiza ndi kupatula maola awiri m'mamawa anthu asanadzuke, ndi theka la Loweruka, n'kuwauza a pabanja ndi wachiwiri wanu kuntchito kuti zikhala choncho. Kudikira holide kuti mudzalembe zonse pamodzi sikuthandiza, chifukwa sabata yoyamba imathera kukumbukira pamene munasiyira, ndipo yachiwiri mwaitanidwa kukachonga mayeso. Lembani kuyambira mwezi woyamba, ngakhale zosaoneka bwino. Ikani Zotero kapena Mendeley, mapulogalamu osungira mndandanda wa mabuku, pakompyuta tsiku loyamba kuti buku lililonse limene mwawerenga lilowe m'kaundula nthawi yomweyo. Kusaka maina a mabuku 250 sabata yomaliza ndi chilango chimene munthu amadzipatsa yekha.

Mawu awiri pa za kuba nzeru. Mayunivesite ambiri amadutsitsa thesis mu Turnitin, pulogalamu yogwira zolemba zokopera kwa ena, ndipo oyesa amazindikira msanga ndime imene kalembedwe kake kasintha mwadzidzidzi. Olemba ma thesis a malonda alipo m'matauni athu, koma sadzakhala nanu m'chipinda tsiku la viva, mayeso apakamwa oteteza thesis, pamene oyesa, mmodzi wochokera kuyunivesite ina, adzakufunsani kwa maola awiri kapena atatu chifukwa chimene munasankhira sukulu 12 osati 20, ndi tanthauzo la nambala ya patsamba 147. Digiri yopezeka mwachinyengo imalandidwa ngakhale patapita zaka. Chimodzimodzi magazini a kafukufuku. Mayunivesite ambiri amafuna nkhani imodzi kapena ziwiri zosindikizidwa munthu asanamalize, ndipo apa ndi pamene amalonda amatumiza maimelo olonjeza kusindikiza m'masiku asanu mukalipira madola. Magazini yoona imatumiza nkhani yanu kwa akatswiri ena, imatenga miyezi, ndipo kawirikawiri imakubwezerani kuti mukonze. Onani ngati ili m'kaundula wa magazini odalirika monga Scopus ndi DOAJ kapena pamndandanda wa unduna wa maphunziro apamwamba wa ku South Africa musanatumize. Viva ikatha, musayembekeze kutuluka opanda chokonza. Ambiri amapatsidwa miyezi itatu ya zokonza zazing'ono, ena isanu ndi umodzi kapena chaka. Nthawi imeneyonso ikhale m'mapulani ndi m'bajeti.

Akonzi, tili ndi pempho kwa mayunivesite athu ndi kuunduna. Mayunivesite asindikize poyera maina a asupavaiza a za utsogoleri wa maphunziro, chiwerengero cha ophunzira amene aliyense ali nawo, ndi zaka zimene ophunzira awo amatenga kuti amalize, kuti munthu azisankha akudziwa. Unduna nawo, kudzera m'madivishoni ake asanu ndi limodzi, ulembe mafunso amene ukufuna mayankho ake pansi pa NESIP, ndondomeko ya dziko ya maphunziro ya 2020 mpaka 2030, upereke mosavuta ziwerengero za EMIS, nkhokwe ya unduna ya ziwerengero za sukulu, kwa ophunzira amene ali ndi chilolezo, ndipo aliyense amene wapatsidwa tchuthi cha maphunziro azibwera ndi masamba awiri ofotokoza zimene wapeza, m'chilankhulo chimene komiti ya sukulu ingamve, n'kukawawerenga pamsonkhano wa mahedi a m'zoni kapena m'kilasita imene anafufuzamo.

Ndife,
Alangizi a kafukufuku wa maphunziro,
Zomba